Nkhumba za pa 636.4

Okutobala wa ku Chipata mukumudziwa, dzuwa loti wanjinga akakukweza kuchoka ku Kapata amafuna umulipire ndi thukuta lomwe. Mtsikana wina wophunzira za malaibulale ku Lusaka wabwera kwawo kudzachita atachimenti. Malipiro palibe, ya thiransipoti palibe, za lanchi musafunse n'komwe. Chimene amadzukira m'mawa ndi siginecha ya Madamu, mkulu wa laibulale, mu logibuku basi. Ndiye tsiku lina agogo ake aamuna, omwe aja anagulitsa nshawa za Chalimbana zaka zitatu zotsatizana kuti fizi ikwane, akwera minibasi kuchokera cha ku Katete kudzaona kumene ndalama zawo zinalowa. M'thumba anyamula tambala wamoyo.

AGOGO: (pakhomo, mawu a kudimba) Odi kuno! Eni ake mulipo?

ALONDA: Shhh! Abambo, tsitsani mawu.

AGOGO: Pepani, uthenga sunatipeze. Watisiya ndani?

ALONDA: Palibe watisiya. Muno ndi m'laibulale.

AGOGO: Nanga onsewa awerama chete bwanji? Anthu ochuluka chonchi osayankhula ndimawaona pamaliro pokha. Komanso pamaliro nsima imabwera.

ALONDA: Thumba musiye pano. Tengani nambala iyi.

AGOGO: Muli tambala umo, mphatso ya adokotala. Akamva ludzu mundiitane.

ALONDA: Adokotala ati?

MTSIKANA: (atulukira kuseri kwa shelefu, fumbi mpaka m'nsidze) Agogo! Mwabwera osaimba foni?

AGOGO: Ndi ameneyu. Koma mdzukulu, chovala choyera chija chili kuti? Ukuoneka ngati wachokera kuchigayo.

MTSIKANA: Agogo, ine si dokotala. Ndinakuuzani kuti ndikuphunzira Library and Information Science.

AGOGO: Ine ndinamva mawu omalizawo, sayansi. Oyambawo netiweki inadula.

MTSIKANA: Ndiye kumudzi mwauza anthu chiyani?

AGOGO: Amfumu akukudikira ndi bondo lawo. Alongo ako a kwa amalume akuti uwabweretsere mankhwala a BP. Nanga ndikanene chiyani, kuti nshawa zanga zinapita kukapukuta fumbi?

MTSIKANA: Si kupukuta fumbi kokha. Buku latsopano likabwera ndimalilemba mu rejisita, ndilidinda sitampu, ndilipatsa nambala, ndimata nambalayo pamsana pake...

AGOGO: Buku lili ndi msana?

MTSIKANA: Lili nawo. Ukathyoka timaumata ndi guluu.

AGOGO: Ndiye udokotala uja ulipo pang'ono. Pitiriza.

MTSIKANA: Magetsi akakhalapo ndimalowetsa maina a mabuku mu kompyuta. Akathima ndimalemba pamanja, akayaka ndimalembanso zomwezo. Masana ndimadzutsa ogona.

AGOGO: Uyo wa malaya abuluu uja wagona ndithu.

MTSIKANA: Uyo amabwera tsiku lililonse 09:00, atenga buku lalikulu kuposa onse, aliika pansi pa mutu. Akuti kwawo ku Mchini malata amatentha.

AGOGO: Nanga awiri ali pakona aja, buku limodzi mitu iwiri?

MTSIKANA: A Giredi 12, mayeso ayandikira. Akuti akuwerenga bayoloje.

AGOGO: Bukulo alizondotsa. Bayoloje yake ndaimva. Nanga awa akhala mozungulira khoma ngati akuotha moto?

MTSIKANA: Pali soketi. Akutchaja mafoni.

AGOGO: Ndiye amene akuwerenga muno ndani?

MTSIKANA: Amayi aja avala magalasi, akulemba mayeso a unamwino. Ndi chiswe.

(Apa ndiikepo mawu anga. Amene mumati wa m'laibulale amangokhala pampando n'kumati shhh, tanyamulani mabuku olemera ngati njerwa kuchoka pansi kupita shelefu ya pamwamba mu Okutobala, fani itafa, m'mimba muli chitumbuwa chimodzi, mubwere tikambirane.)

AGOGO: Manambala ali pamisanawa ndi mitengo? Ili akuti 636. Buku lopyapyala chonchi?

MTSIKANA: Si mtengo, ndi adiresi. Munthu wina wa ku America, Melvil Dewey, mu 1876 anagawa nzeru zonse za padziko m'magulu khumi. Za chipembedzo zili pa 200, zinenero pa 400, sayansi pa 500, mbiri pa 900. Ulimi uli pa 630.

AGOGO: Nzeru zonse? Yekha?

MTSIKANA: Ena akhala akuwonjezera, koma anayamba ndi iye.

AGOGO: Chabwino, timuyese. Chimanga.

MTSIKANA: 633.15.

AGOGO: Ng'ombe.

MTSIKANA: 636.2. Nkhumba 636.4, nkhuku 636.5, agalu 636.7, amphaka 636.8.

AGOGO: Nkhuku waziika pafupi ndi galu ndi mphaka? Mzunguyu sanawetepo kanthu. Mbewa?

MTSIKANA: Zamoyo kapena zowamba?

AGOGO: Pali kusiyana?

MTSIKANA: Zikamathamanga m'munda zili pa 599, pamodzi ndi nyama zinzake. Zikalowa mumphika zapita pa 641.5, pa zophikaphika.

AGOGO: Ha! Mbewa ikafa imakwezedwa nambala. Ngati anthu a m'boma, amatamandidwa ali m'bokosi. Ufiti?

MTSIKANA: (monong'ona) 133.4.

AGOGO: Ulipo?! Boma likudziwa?

MTSIKANA: Ndi mabuku ofotokoza chabe, agogo.

AGOGO: Ndani amabwereka? Unditchulire mmodzi yekha. Pali munthu wina kumudzi ndimamukayikira kuyambira chaka cha njala.

MTSIKANA: Sitiulula zimene munthu wawerenga. Ndi lamulo la ntchito yathu.

AGOGO: Ndiye mukuwabisa. Dziko lathu lili pati?

MTSIKANA: Mbiri ya Zambia ili pa 968.94. Malawi 968.97.

AGOGO: Apo pokha wakhoza. Ngakhale pashelefu a ku Mchinji ali pafupi, kungodumpha pa Mwami. Uziyang'anira, usiku feteleza angamawoloke.

MADAMU: (atuluka mu ofesi, magalasi pamphuno) Phokosoli likuchokera kuti? Iwe, ntchito ndinakupatsa ija wamaliza?

MTSIKANA: Pepani Madamu, awa ndi agogo anga. Ndinali nditayamba kale kupalira.

AGOGO: Kuchita chiyani?

MTSIKANA: Kupalira. Pa Chingerezi amati weeding. Timachotsa mabuku okalamba, ong'ambika ndi amene palibe akuwawerenga, kuti atsopano apeze malo.

AGOGO: Mayi, tandithandizani. Mwanayu ndinamutumiza ku Lusaka kuti athawe khasu. Mwamubweza kuno kudzapalira, mvula isanagwe n'komwe, ndiponso kwaulere? Kwathu waganyu timamupatsa ndowa ya chimanga.

MADAMU: Abambo, akulandira luso.

AGOGO: Luso amadyera ndiwo zanji?

MADAMU: Takulandirani, khalani pampando apo. Iwe, bweretsa bokosi la makadi akale lija. Ndinati mabuku onse amene sanabwezedwe uwalembe pa pepala limodzi.

MTSIKANA: Ndafika pa 636, Madamu. Pali kadi ina yakale kwambiri. Buku la kawetedwe ka nkhumba, 636.4. Linatuluka mu 1979, silinabwerenso.

AGOGO: Anthu ena alibe manyazi. Katundu wa boma! Nthawi ya a Kaunda munthu wotero tikanamuonetsa.

MTSIKANA: Koma dzina lili apa... likufanana ndi lanu, agogo.

AGOGO: Maina amafanana. Kum'mawa kuno theka la anthu ndi a Phiri, theka linalo a Banda. Otsalawo ndi a Tembo amene anasochera.

MTSIKANA: Dzina loyamba ndi lanunso.

AGOGO: Chaka chimene ndinabadwa tinalipo anayi a dzina limenelo. Awiri anamwalira. Mufunse amenewo.

MTSIKANA: Mudzi walembedwa apa ndi wathu.

AGOGO: Kunja kwatentha. Tambala uja ndikamuone.

MADAMU: Khalani pansi, abambo. Chitupa chanu mwayenda nacho? Pakadi pano pali nambala ya NRC.

AGOGO: (akhala pansi, chipewa pabondo, ndipo koyamba chilowereni mawu atsika) Mayi, kapepala kameneko mwakasunga zaka zonsezi?

MADAMU: Ndiyo ntchito imene mdzukulu wanu akuphunzira.

AGOGO: Ngongole ya feteleza ya m'kopaletivu anaiwala. Wasitolo wa ku Down Shops amene ndinamutengera bulangeti anaiwala. Apongozi anga, Mulungu awasunge, nawonso anafika poiwala mbuzi ija. Inu ayi?

MADAMU: Bukulo lili kuti?

AGOGO: Lilipo. Mbali ina.

MTSIKANA: Mbali iti, agogo?

AGOGO: Chikuto chilipo, agogo ako aakazi amavundikira mtsuko wa thobwa. Mapepala akutsogolo anachirikiza mwendo wa bedi. Akumbuyo... nthawi imeneyo zinthu zinkasowa, mwana iwe sungamvetse. Sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere. Pepala lopichirira fodya ukanalipeza kuti?

MTSIKANA: Munasuta buku la boma?

AGOGO: Ndinayambira kumapeto, mwaulemu, kuti ndikamawerenga kutsogolo tikakumane pakati.

MADAMU: Nkhumbazo zinaswana?

AGOGO: Zinaswana bwino. Khola ndinamanga monga bukulo linanenera, ndi kadziwe komwe. Zinafika 11. Kenako chigodola chinalowa m'mudzi, sabata imodzi khola lonse psiti. Ndinati buku lonama ili, silinandichenjeze.

MTSIKANA: Agogo, m'mabuku a ziweto mutu wa matenda nthawi zambiri umakhala chakumapeto.

AGOGO: (aganiza nthawi yaitali) Ndiye chifukwa chake unkandikhosomoletsa.

MADAMU: (atulutsa kakyuleta) Tiwerengere. Buku likachedwa muno timalipiritsa K1 pa tsiku. Zaka 45, masiku 365 pa chaka. Masiku owonjezera a Febuluwale ndakukhululukirani chifukwa cha imvi. Zakwana K16,425.

AGOGO: Mayo! Imeneyo ndi ng'ombe ndi ngolo yake! Buku lenilenilo linali la ndalama zingati?

MADAMU: Mtengo wa bukulo sitinafikepo. Iyi ndi ya kuchedwa chabe.

MTSIKANA: Madamu, chonde, ndi achikulire...

MADAMU: Iwe khala chete. Logibuku yako sindinasaine kuyambira Lolemba.

AGOGO: Dikirani, mayi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma wailesi ndimamvera. Mu 2013 boma linachotsa maziro atatu pa kwacha. Zoona kapena bodza?

MADAMU: Zoona.

AGOGO: Amene anali ndi K1,000 anadzuka ali ndi K1. Ndalama zanga za m'chitini anazidula maziro, sindinadandaule. Ngongoleyi mu 2013 inalipo kale, inali itameta ndi ndevu. Nayonso muidule. Boma silingadule zanga n'kusiya zake.

MADAMU: Abambo, masamu ake sayenda choncho.

AGOGO: Tadinani kaye pakamakinako tione.

MADAMU: (adina, avula magalasi, awavalanso) K16 ndi mangwee.

WA MALAYA ABULUU: (adzutsa mutu pabuku) Madala ali ndi mfundo. (agonanso)

AGOGO: Mwamva? Mboni yophunzira, imagonera mabuku.

MADAMU: Chabwino. Zaka 45 ndatopa nako kakadi aka, aliyense wa atachimenti amakapeza n'kudzandifunsa. Perekani K16 titseke nkhani.

AGOGO: Apo ndiye pavuta. M'thumba mwatsala ya minibasi yokha, ndipo kondakitala wake ndi wamwano. Ndilipira tambala.

MADAMU: Kuno si ku Malawi, abambo. Kuno ndi kwacha ndi ngwee.

AGOGO: Wangayu ali ndi miyendo. Alonda! Nambala 14!

(Alonda abwera nalo thumba. Tambala atulutsa mutu, ayang'ana mashelefu, akoka mpweya, alira kokoliriko mpaka a Giredi 12 aja atembenuza buku lawo.)

AGOGO: Shhh! Iwe, muno ndi m'laibulale!

MADAMU: (amukweza m'manja, amuyesa kulemera, amupapasa pachifuwa) Wachikuda weniweni uyu. Si wa mankhwala?

AGOGO: Gaga ndi chiswe basi. Anali wa adokotala, koma poti adokotala kulibe...

MADAMU: Muno chilichonse cholowa chimalembedwa. Iwe, tenga rejisita.

MTSIKANA: Ndilembe mphatso kapena chindapusa?

MADAMU: Lemba kuti buku la nkhumba labwezedwa mumtundu wina.

MTSIKANA: Nambala yake 636.5, nkhuku?

MADAMU: Lemba 641.5. Pofika Loweruka adzakhala atasamuka shelefu.

ALONDA: Mutu ndi zipalapasiro ndi zanga, ndine ndamusunga.

AGOGO: Mdzukulu, kumudzi ndikanena kuti ndiwe wa CID ya mabuku. Amfumu bondo lawo apite nalo kuchipatala. Ndipo ndikawachenjeza, chifukwa buku la njuchi lija anabwereka tsiku lomwelo ndi ine.

MTSIKANA: (atembenuza makadi) 638... Madamu, ilipo!

AGOGO: Sindinanene kanthu ine. Ndapita.

MTSIKANA: Madamu, nanga logibuku yanga? Masiku anayi tsopano.

MADAMU: Madzi ali pambaula kuseri. Ndisaina ukamaliza kumusosola.