Anzanga a alumni, penti yokha siikwanira

Loweruka lapitali ife a gulu la ophunzira akale tinapita kusukulu imene inatiphunzitsa. Tinanyamula zitini za penti, mipira iwiri ndi mabuku ogula ndi ndalama zimene tinasonkherana pa WhatsApp. Ana anaimba, ahedi anathokoza, tinajambulitsa. Sindikunyoza aliyense amene anasonkha, poti ndikudziwa kuti ena munachita kudula pa ndalama ya ndiwo. Koma ndabwerako mtima uli m'mwamba chifukwa cha mtsikana mmodzi.

Anali hedigelo. Mwambo utatha ndinamupeza pakhonde la laibulale, kabuku kakang'ono kakusuzumira m'thumba la yunifolomu. Nditamufunsa ntchito yake, anakatsegula n'kundionetsa: mayina a olongolola m'kalasi, ochedwa ku asembule, othawa kusesa. Zolemba zake zaukhondo, deti lililonse lili pamalo pake. Ndiye ndinati, "Nanga anzako akamadandaula kuti nyemba n'zofumbwa kapena mjigo wafa, iwe umakauza ndani?" Anayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zimenezo sitilowererako, bambo."

Mwana wanzeru chonchi tamupatsa udindo, koma chimene tamuphunzitsa n'kulonda anzake basi. Sanaphunzire kuwamvetsera, kusonkhanitsa madandaulo awo, kapena kuima pamaso pa wamkulu mwaulemu n'kunena zoona. Ifenso m'nthawi yathu zinali choncho, prifekiti anali munthu woopedwa. M'mera mpoyamba. Mwanayu mawa akadzakhala khansala kapena mkulu wa chipatala, tidzadabwa chiyani akamadzangolamula osafunsa? Ndipo tikamamva kuti ana kwinakwake aswa mawindo kapena atentha ofesi chifukwa cha chakudya, timathamangira kunena kuti ana a masiku ano ndi opulukira. Kuwononga n'kulakwa ndithu, sindikuikira kumbuyo. Koma tidzifunse ngati anawo anali ndi khomo loti n'kugogoda mkwiyo usanafike pamenepo.

Aphunzitsi sindikuwaloza chala. Munthu wa makalasi odzaza, wothamangitsana ndi silabasi kuti ana akakhoze JCE ndi MSCE, nthawi yokhala pansi ndi maprifekiti aipeza kuti? Apa ndi pamene ife tikufunika. Pakati pathu pali amene amatsogolera misonkhano sabata iliyonse, osunga ndalama za mpingo, oyendetsa banki m'khonde, anamwino oyang'anira wodi yonse usiku. Luso limenelo sitingalitumize pa Airtel Money kapena Mpamba. Limafuna munthu akwere minibasi, afike, akhale pa desiki limodzi ndi ana.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Kamodzi pa teremu, anthu atatu kapena anayi apite akakhale ndi maprifekiti ndi atsogoleri a makalabu, kaya a SCOM, a YCS, a zachilengedwe kapena a mtsutso. Akawaonetse mmene msonkhano umayendera, mmene amalembera zimene agwirizana, mmene ungatsutsire mnzako osamunyoza. Koposa zonse, tiwapatseko kandalama kochepa kuti aziyendetsa okha. Akambirane chogula, akagule, asunge malisiti, kenako aime pa asembule n'kufotokozera anzawo mmene ndalamayo yayendera mpaka tambala yomaliza. Mwana amene waimapo pamaso pa anzake mazana n'kuyankha funso lakuti "chenji chili kuti?" waphunzira chinthu chimene sichili m'buku lililonse la silabasi. Mwina adzalakwitsa, inde. Bola alakwitse lero pa ndalama ya mpira, ife tili pafupi kumuwongola.

Pali china chimene chimandiwawa. Masukulu akale ngati Blantyre Secondary School ya 1940, Zomba Catholic ya 1942, Dedza ya 1951, ngakhale Kamuzu Academy ya 1981, ali ndi ana awo m'maofesi akuluakulu, ena kunja kwa dziko, ndipo kusonkhanitsa thandizo sikuwavuta kwenikweni. Nanga ma CDSS, kumene ana ambiri akumudzi amaphunzira? Ambiri amene tinadutsa m'masukulu ang'onoang'ono timaganiza kuti popeza tilibe mamiliyoni, tilibe chopereka. Ayi ndithu. Mtsikana wa ku CDSS akaona mzimayi wa m'mudzi mwake momwemo, amene ankayenda mtunda womwewo wapansi, lero akuyendetsa gulu la alimi kapena shopu yake, amakhulupirira msanga kuposa kumva bwana wochokera ku Lilongwe pa galimoto.

Tikapita, tisakalowe ngati eni sukulu. Tidzere kwa ahedi ndi a PTA, timve kaye zimene iwo akuona, ndipo ndale za zipani tizisiye pa geti.

Pamsonkhano wathu wa mwezi wamawa ndidzaika nkhaniyi patebulo, ndipo Loweruka loyamba la teremu ikubwerayi ndadzipereka kupita ine. Ndikufunanso kukapempha ahedi kuti akamakambirana za chakudya ndi madzi, hedigelo uja ndi hediboyi azikhala nawo m'chipindamo, atanyamula zimene anzawo awatuma. Amene mungathe kupita nane, lembani dzina pagulu lathu lija Lachisanu lisanafike kuti tidziwitse sukulu nthawi ikadalipo.