Laibulale yokhoma si laibulale, tsegulani ana awerenge

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka ndinali kumsonkhano wa makolo pasukulu ina ya sekondale yoyendera, kumene mwana wa mlongo wanga ali Fomu 2. A hedi anaima n'kudandaula kuti ana a masiku ano sakonda kuwerenga, n'chifukwa chake Chingerezi chikuwagwetsa. Makolo tinavomera ndi mitu. Msonkhano utatha ndinafunsa mwanayo kuti andionetse laibulale. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, pano tili ndi laibulale ngati?" Mwana wa chaka chachiwiri pasukulupo!

Ilipo. Ili kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi, chitseko chake chili ndi loko wadzimbiri, pakhomo palibe ngakhale chikwangwani. Ndinasuzumira pawindo. Makatoni a mabuku osatsegula asanjikizana mpaka kudenga, pafupi pake makasu, zikwanje ndi madesiki othyoka. Chiswe chamanga kale njira yake pakhoma kulunjika pashelefu. Makiyi akuti amasunga mphunzitsi wina amene anapita kukasukulu ka masabata angapo.

Ndiye mukuti ana sakonda kuwerenga? Awerenge chiyani? Mwana angakonde bwanji chinthu chimene sanauzidwe n'komwe kuti chilipo? Laibulale imene ana saidziwa si laibulale, ndi sitolo yosungiramo katundu. Buku lotsekeredwa m'katoni palibe amene lamuphunzitsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Buku la mwana ndi limene lili m'manja mwake. Lakuseri kwa loko ndi la chiswe.

Ndikudziwa, aphunzitsi ndi ochepa, ndalama kulibe, ana ena amaba mabuku. Zonsezo tamva. Koma kutsegula pakamwa pa asembule kumafuna makwacha angati? Lolemba lililonse mumalengeza za mpira, za fizi, za yunifolomu, za tsitsi losameta. Mwalephera chiyani kunyamula buku limodzi m'mwamba n'kunena kuti ana inu, buku ili lili mu laibulale, muli nkhani yakuti, wofuna abwere pa buleki? Mayi wogulitsa mandasi pageti amaitana ana mokweza mawu, ndipo beseni limatha. Inu muli ndi katundu woposa mandasi, koma muli duu.

Lengezani, a hedi. Uzani ana. Lembani ndi choko pachitseko nthawi yotsegulira. Sankhani mapulifekiti awiri kapena atatu aziyang'anira kaundula wobwereketsa mabuku, makiyi asamagone m'thumba la munthu mmodzi. Mwana amene wamaliza buku aime kutsogolo kwa anzake afotokoze zimene wawerenga, anzakewo akalithamangira okha. Pa 8 September dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku la kulemba ndi kuwerenga. Tulutsani matebulo pansi pa mtengo, yalani mabuku, itanani makolo ndi mafumu, ana apikisane kuwerenga mokweza ndi kulakatula ndakatulo. Ngakhale nyuzipepala zakale, Fuko kapena Boma Lathu, zipachikeni pakhonde. Mwana amene wayamba ndi nkhani ya mpira mawa afunsa buku.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti ana amenewa akudikira mayeso a MANEB. Tonse tikudziwa kuti pa MSCE ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza bwanji. Chingerezi chimenecho sichilowa ndi manotsi okopera pabolodi. Chimalowa mwana akamawerenga nkhani n'kuiwala kuti akuphunzira. Boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 adziwe kuwerenga. Chabwino, adziwa. Afika kusekondale, ife tikuwatsekera chitseko. Tinawaphunzitsiranji kuwerenga ngati zowerenga tikuwabisira?

Ndipo musandiuze kuti kulibe kopempha nzeru. Bungwe la National Library Service lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1967, likulu lake lili ku Lilongwe, nthambi zili ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Kumeneko kuli anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi, kusanja mabuku ndi kukopa owerenga. Mwawafunsapo? Kapena mukudikira kuti mabuku atuluke okha m'makatoni akagogode m'makalasi?

Mantha akuti mabuku ang'ambika ndiwo akupha ana athu. Ang'ambike! Buku lakuda m'mbali, lopindika m'makona, lomata ndi selotepi, ndilo buku lagwira ntchito. Loyera mbee patatha zaka zisanu ndi umboni wakuti sukulu yalephera. Mukusungira ndani? Alendo? Tikudziwa zimene zimachitika akamabwera akuluakulu a kuunduna kapena amabungwe amene anapereka mabukuwo. Tsiku limenelo loko amachoka, ana amasesa, ena amakhazikidwa pabenchi ndi buku m'manja kuti ajambulidwe. Galimoto ikangotuluka pageti, loko wabwerera. Kumeneko n'kunamiza ana, ndipo anawo amaona.

Ifenso makolo a m'komiti ya sukulu, teremu iliyonse tinkasonkha ndalama ya chitukuko. Pamsonkhano uja tinatha nthawi yaitali kukangana za mpanda ndi penti wa ofesi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti ndalamayo yagula mabuku angati a nthano za m'Chichewa. Olemba athu alipo, mabuku awo ali m'mashopu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma pashelefu paja zimene ndinaona pawindo ndi mabuku akunja okhaokha, ena a malamulo a misonkho ya dziko la eni. Mwana wa Fomu 1 wa kumudzi atani nazo zimenezo? Amabungwe, musanatumize kontena muzifunsa kaye.