McDavid ndi wachiwiri kwa Gretzky, ngakhale chikho sanachigwirebe

Maganizo anga ndi awa, ndipo ofuna kutsutsa bwerani titsutsane bwinobwino: mwa osewera onse amene anavalapo jezi ya Edmonton Oilers, timu ya hockey ya pa ayezi ya mumzinda wa Edmonton ku Canada, Wayne Gretzky ndi woyamba, wachiwiri ndi Connor McDavid, ndipo Mark Messier akhale pachitatu. Ndikudziwa kuti akuluakulu a mumzinda uno, amene anaona ndi maso awo zimene zinkachitika ku bwalo lakale la timuyi la Northlands Coliseum m'zaka za m'ma 1980, sangandivomereze, ndipo ulemu wawo ndimawapatsa. Koma mawu akuti "mnyamatayu alibe chikho" onena za McDavid ndatopa nawo. Anthu akuwagwiritsa ntchito ngati chotsekera pakamwa, kuti nkhani ithere pomwepo tisanaione bwino.

Kwa inu abale muli kumudzi amene hockey ya pa ayezi mumangoiona pa foni, ndikuuzeni pang'ono kuti tiyendere limodzi. Wosewera amalandira pointi akagoletsa chigoli, amalandiranso pointi akapatsira mnzake nkugoletsa. Mu ligi ya NHL, ya matimu a ku Canada ndi America, timu iliyonse imasewera magemu opitirira 80, kenako matimu 16 amalowa m'ndime yachipulula. Kuti mutenge Stanley Cup, chikho cha ligiyi, muyenera kugwetsa matimu anayi motsatizana, ndipo iliyonse muyenera kuigonjetsa kanayi. Ndiye kuti kupambana ka 16, kwa miyezi iwiri, matupi akuwombana usiku ndi usiku.

Za Gretzky sindikangana ndi munthu. Mu nyengo ya 1981-82 anagoletsa zigoli 92, ndipo zigoli 50 zoyamba anazikwanitsa m'magemu 39 okha. Mu 1985-86 anapeza mapointi 215. Mwa amenewo 163 anali opatsira anzake, pomwe Mario Lemieux, amene anali wachiwiri mu ligi yonse, anali ndi mapointi 141. Tamvetsetsani zimenezo. Gretzky akanapanda kugoletsa ngakhale chigoli chimodzi chaka chimenecho, akanakhalabe pamwamba pa aliyense. Mphotho ya Hart, ya wosewera wofunika kwambiri mu ligi, anaitenga kasanu ndi katatu motsatizana ali ku Edmonton, kuyambira 1980 mpaka 1987. Anasiya mapointi 1,669 m'buku la timuyi. Nambala yake 99 palibenso amene adzaivale mu NHL yonse. Amene amati zinali zophweka chifukwa magoloboyi a nthawi imeneyo ankaima chilili ndipo zotchingira zawo zinali zazing'ono, akunena zoona pang'ono chabe. Zigoli zinalidi zambiri, pafupifupi zisanu ndi zitatu pa gemu pomwe masiku ano zimakhala cha m'ma sikisi. Koma magoloboyi omwewo ndi amene aliyense ankakumana nawo, ndipo palibe wina amene anafika pa 200. Gretzky anadutsa pamenepo kanayi.

Choncho malo oyamba ndi otseka. Nkhani yanga ili pa malo achiwiri.

McDavid anabwera kuno mu 2015, timu ili pa mavuto osaneneka. Chigonjereni kwa timu ya Carolina mu fainolo ya 2006, Oilers inatha zaka khumi osalowa m'ndime yachipulula. Inali itasankha kale wosewera woyamba pa draft (mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankha osewera achinyamata) katatu, Taylor Hall mu 2010, Ryan Nugent-Hopkins mu 2011, Nail Yakupov mu 2012, koma osasuntha. Mnyamata wa zaka 18 anapatsidwa mtolo umenewo, ndipo chaka chotsatira, ali ndi zaka 19, anamupatsa ukaputeni, wamng'ono kuposa kaputeni wina aliyense m'mbiri ya ligi. Nyengo yomweyo anapeza mapointi 100, natenga Hart, ndipo timu inabwerera m'chipulula.

Kuchokera pamenepo wangokhala akukwera. Pofika 2025 anali atakhala pamwamba pa ligi yonse pa mapointi kasanu: 2017, 2018, 2021, 2022 ndi 2023. Mu 2021, nyengo imene inafupikitsidwa chifukwa cha Covid, anapeza mapointi 105 m'magemu 56, ndipo ovota onse anamupatsa Hart popanda wotsala, zimene zinachitikapo kwa Gretzky yekha mu 1982. Mu 2022-23 anagoletsa zigoli 64, mapointi onse 153. Chaka chotsatira anapatsira anzake ka 100, zimene asanafike iye anachitapo ndi Gretzky, Lemieux ndi Bobby Orr basi. Mu Novembala 2024 anakwanitsa mapointi 1,000 m'magemu 659, ndipo nyengo yomweyo anadutsa Messier, amene anasiya 1,034, ndi Jari Kurri, amene anasiya 1,043. Pa mndandanda wa timuyi, patsogolo pake patsala munthu mmodzi.

Koma manambala sandikhudza mtima ngati kumuona. Amene munalowako ku Rogers Place, bwalo la timuyi masiku ano, mukudziwa phokoso limene limayamba iye akangotenga puck, kanthu kakuda kaphwatalala kamene amamenya m'malo mwa mpira, kumbuyo kwa golo lake. Anthu amayamba kudzuka asanafike ndi pakati pomwe. Amathamanga liwiro loti otchinga kumbuyo amabwerera chofutuka, koma manja ake akugwirabe ntchito ngati waima, mutu uli m'mwamba akuyang'ana mnzake. Gretzky sanali wathupi kapena waliwiro chotere, mphamvu yake inali m'mutu, ankadziwa kumene puck ikupita ena asanadziwe, ndipo ankakonda kuima kuseri kwa golo la adani nkumagawa. McDavid amachita zimenezo akuuluka. Ndipo akuzichita pamaso pa magoloboyi ataliatali ogwada pansi kutseka golo lonse, ndi aphunzitsi amene amakhala usiku wonse akuonera vidiyo kufuna njira yomutsekera.

Tsopano tibwere pa chikho, poti ndi pamene pagona mkangano.

Gretzky anatenga zikho zinayi ku Edmonton: 1984, 1985, 1987 ndi 1988. Zoona. Koma taonani amene anali naye. Messier. Kurri. Glenn Anderson. Paul Coffey, wotchinga kumbuyo amene anagoletsa zigoli 48 m'nyengo imodzi. Kevin Lowe. Pagolo Grant Fuhr, munthu wakuda woyamba kulowa mu Hockey Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a masewerawa, zimene ineyo zimandinyaditsa. Onsewa ali mu Hall of Fame, pamodzi ndi mphunzitsi wawo Glen Sather. Mu 1983-84 timu imeneyo inagoletsa zigoli 446, ndipo palibe timu ina inafikapo pamenepo. Pa 9 Ogasiti 1988 mwini timu Peter Pocklington anamugulitsa Gretzky ku Los Angeles Kings, mzinda wonse unalira, iyenso analira pamaso pa atolankhani. Chinachitika nchiyani pambuyo pake? Oilers inatenganso chikho mu 1990 Gretzky kulibe. Ndipo Gretzky, katswiri woposa onse, anasewera zaka zina khumi ndi chimodzi osatenganso chikho ngakhale chimodzi. Anafika mu fainolo ya 1993 ndi Kings, Montreal nkuwagonjetsa. Kodi atachoka ku Edmonton anaiwala kusewera? Ayi ndithu, chaka chake choyamba ku Los Angeles anatenganso Hart. Chimene anasowa ndi anzake aja.

Ngati Gretzky weniweniyo sanathe kunyamula chikho yekha, bwanji tikufuna McDavid achinyamule yekha? Hockey si basketball kumene katswiri amatha kusewera pafupifupi gemu yonse. Wosewera kutsogolo wabwino kwambiri amakhala pa ayezi mphindi za m'ma 20 mwa mphindi 60. Nthawi yotsalayo amakhala pa benchi akuonera ngati ine ndi inu. Komanso nthawi ya Gretzky ku Edmonton matimu anali 21, ndipo 16 ankalowa m'chipulula. Lero alipo 32, olowa ndi 16 omwewo. Kuyambira 2005 pali malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndiye kusunga akatswiri asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi kwa zaka zambiri nkosatheka. McDavid ali ndi Leon Draisaitl, Mjeremani amene naye anatenga Hart mu 2020, ndipo awiriwa ndi oopsa. Koma awiri si asanu ndi awiri. Oyendetsa timu nawo sanamuthandize m'zaka zoyamba: anagulitsa Hall mu 2016, Hall nkukatenga Hart ku New Jersey mu 2018, chaka chomwecho McDavid ali pamwamba pa ligi ndi mapointi 108 koma timu yake ili kunja kwa chipulula. Zaka zimenezo zinatayika, ndipo si iye anazitaya.

Za 2024 zimandipwetekabe. Florida Panthers inatsogola magemu atatu kwa duu mu fainolo, anthu atataya kale mtima. McDavid anapeza mapointi anayi pa gemu yachinayi, anayi enanso pa yachisanu, ndipo timu inafananitsa atatu kwa atatu. Pa 24 Juni, gemu yachisanu ndi chiwiri, tinagonja 2-1. M'chipulula chonsecho anapeza mapointi 42, ndipo 34 opatsira anzake anaphwanya rekodi ya Gretzky ya 31 ya mu 1988. Anamupatsa Conn Smythe, mphotho ya wosewera wopambana m'chipulula, ngakhale anali wa timu yogonja, koma sanatuluke kukailandira, anakhala m'chipinda ndi anzake. Otsutsa amakumbutsa kuti pa magemu awiri omaliza sanapeze pointi, ndipo nzoona, sindibisa. Mu 2025 Florida yomweyo inatigonjetsanso m'magemu sikisi. Koma munthu amene wakokera timu mu fainolo zaka ziwiri zotsatizana simungamunene kuti amathawa magemu akuluakulu. Funsani a ku America amene anawagoletsa chigoli cha m'nthawi yowonjezera ku Boston akusewerera Canada pa fainolo ya mpikisano wa maiko anayi wa 4 Nations mu Febuluwale 2025. Ndipo tisaiwale kuti Gretzky ndi anzake nawo anakwapulidwa anayi kwa duu ndi New York Islanders mu fainolo ya 1983 asanaphunzire kupambana.

Messier ndiye amandivuta, ndipo kumuika pachitatu sindikuchita mopepuka. Ndi mwana wa kuno ku Edmonton. Ali ndi zikho zisanu ndi timuyi, Conn Smythe ya 1984, Hart ya 1990, ndipo ndi iye anali kaputeni pamene anatenga chikho Gretzky atachoka. Anali munthu woti akakuyang'ana, mnzake kapena mdani, umadziwa kuti lero kulibe masewera. Akuluakulu akamamutchula nkhope zimasintha, monga mmene madala kwathu amachitira akamakamba za Kinnah Phiri. Koma pa zaka zake zambiri kuno sanali wosewera woyamba ngakhale pa timu yake yomwe. McDavid wakhala wosewera woyamba pa dziko lonse kwa zaka pafupifupi khumi, ndipo timu iliyonse yobwera kudzasewera nafe imakonza mapulani ake onse poganiza za iye. Messier sanasenzepo mtolo wotere kwa nthawi yaitali choncho. Ndipo mu 1991 anapita ku New York Rangers.

Chimene chinandimaliza ndi cha mu Okutobala 2025. Kontrakiti ya McDavid inali kutha, ndipo akanafuna akanadikira nkupita ku timu ina iliyonse pa ndalama zapamwamba kuposa wosewera aliyense mu ligi. M'malo mwake anasaina zaka ziwiri pa madola 12.5 miliyoni pachaka, ndalama yomweyo imene wakhala akulandira kuyambira 2018, yochepera madola 14 miliyoni a Draisaitl. Anasiya dala mamiliyoni patebulo kuti mabwana akhale ndi mpata wogula osewera ena. Gretzky anachita kugulitsidwa, Messier anachoka, Coffey, Kurri ndi Fuhr onse anapita kwina. Uyu, mumzinda wozizira koopsa umene osewera ambiri amaukana, wasankha kukhala, ndipo wavomera yekha malipiro ochepa kuposa amene akanapeza.

Zaka ziwirizo ndi uthenga kwa oyendetsa timu, ndipo aumve. Iye mbali yake wachita. Apeze goloboyi wodalirika, apeze otchinga kumbuyo, apeze anthu ogoletsa pamene McDavid ndi Draisaitl ali pa benchi. Akalephera, mnyamatayu nkuchoka mu 2028 wopanda chikho, ine sindidzamuloza chala, ndipo pa mndandanda wanga adzakhalabe pamalo achiwiri. Amene mukuti Messier, ndiuzeni chifukwa china kupatula zikho, ndikumvetsera.