Kinshasa ndi Brazzaville: mtsinje umodzi, makhalidwe awiri

Ukaima m'mphepete mwa mtsinje wa Congo ku Brazzaville dzuwa litalowa, magetsi a Kinshasa amaoneka ngwee tsidya linalo. Malikulu awiriwa, Kinshasa wa DRC ndi Brazzaville wa Republic of Congo, ndi oyang'anizana, koma mpaka lero palibe mlatho. Ambiri amawoloka paboti, kuchokera padoko lomwe mbali zonse amangolitcha Beach. Pamadzi sipachedwa. Tsiku limathera kumtunda: pasipoti, viza, khadi lachikasu la katemera, ndi anyamata olimbirana chikwama chako usanawapemphe n'komwe.

Anthu akewo ndi amodzi. Lingala imamveka tsidya lino ndi tsidya lina, ndipo ndiwo yomwe ena amati pondu, ena saka-saka, ndi chigwada chathu chomwechi, kungoti amachithira mafuta ofiira a kanjedza. Ngakhale rumba, UNESCO idailemba mu 2021 ngati chuma cha maiko onse awiri. Adawagawa ndi atsamunda, Belgium kumwera, France kumpoto. Poti kumunsi kwa mizindayi mtsinje uli ndi mathithi osadutsika, aliyense adamanga njanji yakeyake yopita kunyanja: ya Matadi idatha mu 1898, ya Pointe-Noire mu 1934, ndipo zonse zidadya miyoyo ya anthu akuda ochuluka.

Brazzaville ndi mzinda wofatsa, wa anthu ngati 2 miliyoni, matakisi obiriwira, ndalama yake CFA. Dzina la mtsamunda wawo, Pierre Savorgnan de Brazza, adalisunga, mpaka kumumangira chiliza mu 2006. Kinshasa idataya dzina la Léopoldville mu 1966, ndipo sigona. Anthu ndi oposa 15 miliyoni, pamsewu waukulu wa Boulevard du 30 Juin galimoto zimayenda ngati nkhono, ndipo dola ya America imagwira ntchito limodzi ndi ndalama yawo. Koma dolayo ikangong'ambika pang'ono, wogulitsa amakubwezera osakuyang'ana.

Kusiyana kwenikweni ine ndimakuona kunkhalango. Mtsinjewu udagawa ngakhale anyani: bonobo amapezeka kumwera kokha, m'dziko la DRC, pomwe magorila a m'zigwa za kumadzulo ali tsidya la Brazzaville.

Congo ya Brazzaville idasankha kupereka nkhalango zake m'manja mwa mabungwe akunja. Odzala-Kokoua, yomwe idakhazikitsidwa mu 1935, yakhala ikuyendetsedwa ndi African Parks kuyambira 2010, bungwe lomwelija la ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Nouabalé-Ndoki, ya mu 1993, amagwira ndi Wildlife Conservation Society. Chokoma cha kumeneko ndi madambo a pakati pa nkhalango omwe amawatcha bai. M'nkhalango yeniyeni suona patali, mitengo yathithikana, mdima usana. Koma pa bai umakhala pansanja phee, njovu za m'nkhalango, njati ndi magorila n'kumabwera zokha kudzafuna mchere wa m'dothi ndi zomera za m'madzi. Zinthu n'zadongosolo, inde, koma mtengo wake ndi wa alendo a matumba olemera. Mwana wa ku Brazzaville sangaulote. Ndipo a Baka, omwe adabadwira m'nkhalangomo, akhala akudandaula za nkhanza za alonda komanso kutsekeredwa malo omwe makolo awo ankasakako ndi kufulako uchi.

DRC ili ndi chuma chochuluka kuposa pamenepo, koma kuchifikira ndi nkhani ina. Salonga, ya mu 1970, ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 36,000, kuposa Belgium yomwe idawalamulira. Msewu wodalirika wopita kumeneko kulibe: ndi kandege, kenaka bwato masiku angapo. Virunga, kum'mawa, ndi ya mu 1925, yakale kuposa zonse, koma alonda ake oposa 200 adaphedwa pantchito, ndipo nkhondo ya ku North Kivu imatseketsa malowo kawirikawiri. N'chifukwa chake alendo ambiri amathera pa Lola ya Bonobo, kunja pang'ono kwa Kinshasa, malo omwe Claudine André adakhazikitsa olererako ana amasiye a bonobo omwe amayi awo adaphedwa ndi alenje. Si nkhalango yeniyeni, komabe umawaona pafupi, ndipo madzulo wabwerera mumzinda.

Wondifunsa kuti ayambire kuti, ndimamuuza kuti nyama akaonere tsidya la Brazzaville, ngati thumba likulola. Koma asabwerere kwawo asanawoloke. Akagone usiku umodzi kapena uwiri ku Kinshasa, akakhale pampando wapulasitiki kudera la Matonge, nyama ya mbuzi yootcha ndi kwanga (chakudya cha chinangwa chokulungidwa m'masamba) zili patebulo, gitala ikulira mpaka tambala woyamba. Madola okha anyamule atsopano, osapindika.