Onga si woopsa kuposa ma primer

Alembi, mwafotokoza bwino za anthu amene amadzikonzeranso okha zipolopolo kunyumba, koma mwachulutsa za onga. Chimene ine chimandiopsa ndi primer, kachitsulo kakang'ono ka kumbuyo kwa chipolopolo kamene kamayatsa ongawo.

Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire ku Limpopo, ku South Africa, ndipo abwana anga amakonzanso zipolopolo za mfuti zawo zosakira. Onga wamakono ukakhala poyera umangoyaka mwamphamvu. Primer ayi, imaphulika, chifukwa mkati mwake muli lead styphnate, mankhwala osachedwa kupsa mtima akagundidwa kapena akatenthedwa. Choipa kwambiri n'chakuti imodzi ikaphulika imayatsa anzake onse ali pafupi. N'chifukwa chake amawagulitsa mu timathireyi, iliyonse m'kabowo kake. Mlendo wina anabwera nawo atawakhuthulira m'botolo lagalasi, ati kuti asamatayike. Abwana anangoti atuluke nalo msangamsanga, nkhope itasintha. Botolo lotero ndi bomba basi.

Magalasi oteteza maso abwana savula akamagwira ntchitoyi, ndipo primer ikagwa pansi timasesa ndi tsache, makina okokera fumbi aja ayi.

Mwaiwalanso za mtovu. Fumbi la mtovu lochokera m'ma primer ogwiritsidwa kale ntchito limakakamira m'manja, ndiye ena amangopita kukagwira chakudya kapena kunyamula mwana osasamba.

Kuno ku South Africa lamulo la mfuti la 2000 limalola ma primer osapitirira 2,400 pa mfuti iliyonse ya laisensi. Kwa ine ngakhale amenewo achuluka m'nyumba yogonamo ana.