Mchere wokoka amoniya ungatipepukitsire feteleza

Zikomo alembi pofotokoza za mchere wa magnesium chloride wopatulira amoniya, mpweya umene amapangira feteleza. Pa njira ya Haber-Bosch, imene mafakitale amapangira amoniya, nayitrojeni ndi hayidirojeni zikadutsa kamodzi pa chitsulo chothandiza kuti ziphatikizane, ndi gawo lochepa chabe limene limasanduka amoniya, ndipo kuti aipatule amaiziziritsa ataipanikiza koopsa. Zimenezi zimadya magetsi ambiri. Pomwe magnesium chloride imangoimwa, molekyu imodzi n'kugwira mamolekyu 6 a amoniya, mukaitenthetsa n'kuilavula. Ndiye kuti kafakitale kakang'ono koyendera sola kangathe ntchitoyi.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mcherewu umatupa n'kufumbutuka ukagwira ntchito kangapo, n'chifukwa chake amauika pa silica, chinthu chopezeka mumchenga, kuti ulimbe. Kodi ungakhalitse zaka zingati? Ife kuno ku Harare mtengo wa feteleza wa AN (ammonium nitrate) umatiwawa mvula ikamayandikira, chilekereni kampani ya feteleza ya Sable ya ku Kwekwe, mu Zimbabwe muno, kupanga amoniya ndi magetsi mu 2015. Chonde itsatireni nkhaniyi.