Maphunziro aziyamba ndi mlonda wa usiku

Abale, ine sindigwirizana ndi zoti wothandiza anthu osowa pokhala amangofunika chifundo basi. Chifundo sichikuuza chochita munthu akakomoka pakhomo atamwa mankhwala ozunguza bongo mopyola muyeso. Pamenepo pamafunika wodziwa kuona kapumidwe kake, kumugoneka cham'mbali, ndi kumupatsa naloxone, mankhwala oletsa mphamvu ya heroin m'thupi, ngati wamwa mankhwala a gulu limenelo. Ndipo amene amakumana ndi zoterezi si abwana ayi, ndi mlonda wa usiku, wophika, ndi uja amayenda m'misewu m'bandakucha kufunafuna ogona panja. Koma maphunziro akabwera, kawirikawiri amapitako ndi a mu ofesi.

Ambiri ogona panja anadutsa m'zowawa: nkhanza ali ana, ndende, kugwiriridwa. Munthu wotere ukamugwira paphewa modzidzimutsa, kapena kutseka chitseko pomufunsa mafunso, amalusa. Wosaphunzitsidwa amati ndi mwano, n'kumuthamangitsa. Munthu uja wabwerera mumsewu, ndipo ulendo wina sabweranso ngakhale adwale bwanji.

Kulankhula nawo ndi luso palokha. Mu 1983 William Miller, pothandiza zidakwa, analemba za njira yotchedwa motivational interviewing: m'malo momulalikira munthu, umamufunsa ndi kumumvetsera mpaka zifukwa zosinthira zituluke pakamwa pake. Zikumveka zophweka, koma tayesani kukhala chete munthu akukuuzani kuti mowa sasiya! Zimenezi siziphunzirika pa msonkhano wa tsiku limodzi. Pamafunika kuyeserera, wina wodziwa akukumvera ndi kukukonza.

Nayonso njira ya Housing First, yomwe Sam Tsemberis anayambitsa ku New York mu 1992 ndipo dziko la Finland linaitenga mu 2008, imasintha ntchito yonse. Munthu amapatsidwa nyumba kaye, osati asiye kaye mowa. Ndiye wogwira ntchito amene anazolowera kugamula kuti uyu wayenera, uyu sanayenere, ayenera kuphunzira kugogoda pakhomo la munthu wopatsidwa nyumba uja, yemwe ali ndi ufulu womuuza kuti lero ayi. Popanda maphunziro, bungwe limangosintha dzina la pulogalamu, khalidwe n'kukhala lakale lomwe.

Chomwe chimaiwalika kwambiri ndi wogwira ntchitoyo. Herbert Freudenberger analemba za burnout, kutoperatu ndi ntchito, mu 1974 ataona anthu odzipereka pa chipatala chaulere ku New York akutheratu mphamvu ndi chidwi. Munthu amene wapeza mtembo wa yemwe wakhala akumuthandiza sangauzidwe kuti limba mtima, mawa ubwere. Ndikanakhala woyendetsa bungwe, mwezi uliwonse gulu lonse likanakhala pansi ndi mlangizi kukambirana zomwe zawavuta, pa nthawi ya ntchito yolipidwa. Ndipo mwa ophunzitsa ogwira ntchito ndikanaikamo anthu amene anagonapo mumsewu, n'kumawalipira ngati aphunzitsi ena onse.